Mmene Mungalembere Bwana wa Mafia m'Filimu Popanda Kumuyeretsa

M'filimu ya zaupandu, mtengambali wovuta kumulemba ndi uja wokhala pampando, wolankhula motsitsa mawu, amene dzanja lake siligwira mfuti koma akangogwedeza mutu kwina kumagwa maliro. Olemba ena amamusandutsa chilombo chenicheni, ndipo woonera amatopa naye filimu isanafike pakati. Ena amamukonda mpaka kumusambitsa, moti mnyamata amatuluka m'chipinda choonetsera mavidiyo akulakalaka atakhala iyeyo. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kulemba mtengambali wotere, kaya m'filimu, m'sewero la pa wailesi kapena la pabwalo. Zitsanzo ndazitenga ku Sicily, chilumba cha ku Italy, ndi ku America, kwawo kwa nkhaniyi, kumene makhoti, mboni ndi anamfedwa anasiya umboni wochuluka woti wolemba aphunzirepo.

Mfundo imene ndikufuna muigwire kuyambira pano ndi iyi: ubwino wa bwana wa mafia, gulu lachinsinsi la zigawenga, suli mbali ina ndipo kuipa kwake mbali ina, kuti muziika pasikelo. Chifundo chakecho ndi chimodzi mwa zida zake zogwirira ntchito. Mukalemba mozindikira zimenezi, mtengambali wanu adzakhala wozama popanda inu kumunamizira.

Poyamba, tsatani ndalama

Musanamupatse dzina, chipewa kapena kayankhulidwe, tengani pepala limodzi mulembe kumene chuma chake chimachokera. Ndani amalipira? Amalipira kangati pachaka? Amatolera ndani? Wokana zimamuthera bwanji? Ku Sicily ndalama imene amalonda amapereka kwa a mafia kuti sitolo isapse imatchedwa pizzo, ndipo ndiyo maziko a ulamuliro wa bwana m'dera lake, ngakhale atakhala ndi malonda ena aakulu. Wolipira pizzo amavomereza kuti m'deralo boma lenileni ndi bwanayo.

Taonani nkhani ya Libero Grassi, yemwe anali ndi fakitale yosoka zovala ku Palermo, mzinda waukulu wa Sicily. Mu January 1991 analemba kalata m'nyuzipepala ya Giornale di Sicilia youza omuopsezawo kuti salipira. Amalonda anzake ambiri sanaime naye. Pa 29 August 1991 anamuwombera pafupi ndi nyumba yake. Patapita zaka zambiri, mu 2004, achinyamata a ku Palermo anayambitsa gulu la Addiopizzo lolimbikitsa anthu kugula kwa amalonda okana kulipira. Ngati pa pepala lanu lija palibe munthu wonga Grassi, ndiye kuti bwana wanu akudya ndalama zochokera mumlengalenga, ndipo woonera adzamukhululukira mosavuta.

Kachiwiri, pezani chifukwa chimene anthu amapitira kwa iye okha

Apa ndi pofunika kukhalitsapo. Mantha okha sasunga munthu pampando zaka 30. Mafia ya ku Sicily inakula m'zaka za m'ma 1800, makamaka kumadzulo kwa chilumbacho, m'minda ya mandimu ndi malalanje yozungulira Palermo komanso m'maesiteti akuluakulu a tirigu. Dziko la Italy litagwirizana mu 1861, boma latsopano linali kutali ndipo anthu sankalikhulupirira. Wobedwa ng'ombe ankadziwa kuti kupolisi akangotaya nthawi, koma munthu wakutiwakuti akhoza kuzibweza, bola alandire kangachepe. Nthawi zambiri wobwezayo ankawadziwa bwino akubawo. Ndiye kuti munthu yemweyo ndiye matenda, ndiyenso mankhwala.

Choncho lembani kachigawo kamene bwana wanu akuthandizadi munthu. Thandizolo likhale lenileni: mayi wamasiye asathamangitsidwe m'nyumba ya lendi, mnyamata apeze ntchito padoko, mkangano wa malire uthe tsiku limodzi. Musachite manyazi kuonetsa kuti wothandizidwayo akulira ndi chimwemwe. Al Capone, bwana wa zigawenga wa ku America, anatsegula malo ogawira chakudya chaulere ku Chicago pa nthawi ya mavuto a zachuma a m'ma 1930, ndipo anthu osowa ntchito ankakhutadi. Mimba zawo sizinali zabodza. Koma mzinda womwewo unali utaona kale anthu 7 ataphedwa m'galaja pa 14 February 1929, mlandu umene anthu ambiri amauloza kwa gulu lake ngakhale iye sanaimbidwe nawo m'khoti.

Mukatha kulemba kachigawo ka thandizo, lembani kanzake, kamene kadzabwera mochedwa m'filimu: tsiku limene bwana adzatumiza munthu kukatenga mangawa. Zili ngati katapila. Tsiku lokongola mumathokoza mpaka kugwada, chifukwa mwana wagonekedwadi m'chipatala ndipo ndalama zapezeka, koma kuyambira tsikulo khomo lanu lili ndi mwini wina. Filimu ya The Godfather, ya Francis Ford Coppola ya mu 1972, imayamba ndendende ndi dongosolo limeneli. Pa ukwati wa mwana wake wamkazi, Vito Corleone, bwana wa mafia wa m'filimuyo, amalandira anthu odzapempha thandizo m'chipinda chamdima, ndipo mmodzi wa iwo, wokonza mitembo, amadzaitanidwa pambuyo pake kudzabweza. Musakopere kachigawoko. Tengani nzeru yake yokha, yoti mphatso ya bwana ndi chingwe.

Kachitatu, mupatseni malamulo amene amawakhulupirira, kenako mumuike pamene adzawaswa

Bwana wa mafia sadziona ngati chigawenga. Ku Sicily amadzitcha amuna aulemu. Apolisi atagwira Salvatore Lo Piccolo, mmodzi wa mabwana a mafia, mu November 2007, anapeza pepala la malamulo a gululo: osasirira mkazi wa mnzako, kulemekeza mkazi wako, osamapezeka m'mabala, kusunga nthawi ya msonkhano, kunena zoona ukafunsidwa ndi gulu, osatenga ndalama za mabanja ena. Pamndandanda womwewo panalinso lamulo loti ukhale wokonzeka kutumikira gulu nthawi iliyonse, ngakhale mkazi wako ali pafupi kubereka. Werengani malamulo amenewo kawiri. Lina likuti lemekeza mkazi wako, lina likuti musiye m'chikuta gulu likakuitana. Sewero lanu lili pamphambano yomweyo.

Lembani malamulo atatu kapena anayi a bwana wanu. Muonetseni akuwasunga ngakhale zikumupweteka, kuti woonera akhulupirire kuti sakunamizira. Kenako konzani nkhani yanu kuti pafike tsiku limene kusunga lamulo kukutanthauza kutaya mpando. Adzasankha mpando. Ndipo chofunika kwambiri n'chakuti mumupatse mawu odzilungamitsira amene iye mwini adzawakhulupirira.

Mbiri ili ndi umboni wowawa pa mfundoyi. Kwa zaka zambiri anthu ankanena kuti mafia sikhudza ana. Mu November 1993 anaba Giuseppe Di Matteo, mwana wa zaka 12, pofuna kutseka pakamwa bambo ake amene anayamba kuulula zinsinsi kwa ofufuza milandu. Anamusunga masiku 779, n'kumupha mu January 1996 molamulidwa ndi Giovanni Brusca, mmodzi wa mabwana a gululo. Sindikunena kuti muike zoopsa zotere pakanema. Ndikunena kuti wolemba amene akudziwa nkhaniyi sangalembe mosasamala chiganizo chakuti bwana wathu sakhudza ana, ngati kuti ndi chitsimikizo cha khalidwe.

N'chimodzimodzi ndi mankhwala ozunguza bongo. M'filimu ya 1972 ija, bwana wokalamba amakana kulowa malonda amenewa, ndipo kukanako kumamuika pamwamba pa anzake m'maso mwa woonera. Koma pa mlandu wotchuka wa Pizza Connection umene unazengedwa ku New York kuyambira 1985 mpaka 1987, zinaoneka poyera kuti mabanja a ku Sicily ndi a ku America ankalowetsa heroin wochuluka, akubisala kuseri kwa malo ogulitsira pizza. Mukafuna kuti bwana wanu akane chinthu china choipa, dzifunseni ngati akukana chifukwa cha chikumbumtima kapena chifukwa choopa kutaya andale ndi apolisi amene amadya naye. Yankho labwino nthawi zambiri ndi lakuti zonse ziwiri, ndipo iye mwini sangathe kuzilekanitsa.

Tommaso Buscetta, amene anayamba kuulula za Cosa Nostra, dzina la mafia ya ku Sicily, kwa woweruza wofufuza milandu Giovanni Falcone mu 1984, ankanena kuti wopereka gulu si iye, koma a mafia a m'tauni ya Corleone ku Sicily amene anaononga miyambo yakale. Ana ake aamuna awiri anali atasowa mu 1982 ndipo sanapezekenso. Ululu wake unali weniweni, umboni wake unathandiza kwambiri, komabe nthano yakuti kale kunali mafia yaulemu ndi nthano imene mbadwo uliwonse wa gululo umadziuza. Mtengambali wanu akhoza kuinena ndi mtima wonse. Filimu yanu isaivomereze.

Kachinayi, lowani m'nyumba mwake

Bwana aliyense amati zonse amachitira banja. Muyeseni pa mawu akewo. Khalani naye patebulo, muonetse kuti amakondadi ana ake, amadziwa amene sadya nsomba, amadzuka usiku mdzukulu akatentha thupi. Kenako funsani chimene chikondicho chawasiyira. Giovanni, mwana wamwamuna wamkulu wa Salvatore Riina, bwana wa a ku Corleone aja, anaweruzidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse pa milandu yakupha. Chimenecho ndicho chuma chamasiye chimene bambo anamukonzera.

Musaiwale mwana wokana. Peppino Impastato anabadwira m'banja la mafia ku Cinisi, anakangana ndi bambo ake, ndipo ankanyoza bwana wa m'deralo, Gaetano Badalamenti, pa wailesi yaing'ono yotchedwa Radio Aut. Anaphedwa pa 9 May 1978, ndipo poyamba nkhani inafalitsidwa ngati kuti anadziphulitsa yekha potchera bomba panjanji. Mayi ake, Felicia, anakana bodzalo kwa zaka zoposa 20 mpaka Badalamenti anapezeka wolakwa mu 2002. Mayi wotere, amene anakwatiwa m'gulu koma n'kusankha choonadi cha mwana wake, ali ndi mphamvu yogwedeza filimu yonse kuposa mfuti khumi. Akazi a m'nkhani zimenezi asamangokhala ophika ndi olira kumaliro. Ena amadziwa zonse n'kukhala chete, ena amanyamula mauthenga kundende, ena amakuza ana ndi mtima wobwezera, ena amatsegula pakamwa n'kutayidwa ndi abale awo. Sankhani kuti mkazi wa bwana wanu ndi uti, ndipo mumupatse kachigawo kake kamene mwamunayo palibe.

Kachisanu, musathawe nkhani ya chipembedzo

Olowa Cosa Nostra amabayidwa chala, magazi n'kudonthezera pa chithunzi cha woyera mtima, chithunzicho n'kuchiyatsa m'manja polumbira. Bernardo Provenzano, yemwe anathawa apolisi zaka 43, ankalamulira gulu ndi timakalata totayipa totchedwa pizzini, ndipo ankakonda kutsiriza timakalatato ndi madalitso a Mulungu. Pomugwira anamupeza ndi Baibulo lodzaza ndi mizere yolemba pansi pa mavesi. N'zosavuta kunena kuti chinali chinyengo basi. Koma mtengambali wanu adzakhala woopsa kwambiri ngati akupempheradi, ngati wadzipangira Mulungu wogwirizana naye, amene amamvetsa kuti ntchito ndi ntchito.

Mbali inayo ikhalepo. Wansembe Pino Puglisi ankachotsa ana m'misewu ya Brancaccio ku Palermo kuti asagwe m'manja mwa gulu, ndipo anamupha pa 15 September 1993, tsiku lokumbukira kubadwa kwake. Miyezi ingapo m'mbuyomo, mu May 1993, Papa John Paul II anali atadzudzula a mafia poyera ku Agrigento, ndipo mu 2014 Papa Francis ananena ku Calabria kuti a mafia ali kunja kwa mpingo. Kachigawo kamene bwana wopereka chopereka chachikulu akukumana ndi m'busa wokana ndalama zake kakhoza kunyamula mtima wa filimu yanu.

Kachisanu ndi chimodzi, perekani dzina ndi nthawi kwa wolakwiridwa

Chinyengo chachikulu cha mafilimu ambiri a mtundu uwu n'chakuti ophedwa onse amakhala zigawenga zinzake, zoipa kuposa iye. Mwakutero woonera amasangalala ndi imfa iliyonse popanda kulemedwa mumtima. Konzani zimenezi ndi lamulo losavuta: pa anthu amene bwana wanu adzawapweteke, mmodzi akhale munthu amene woonera wakhala naye kale mphindi zingapo, wamuona akutsegula sitolo m'mawa, akukangana ndi mkazi wake za fizi, akuseka. Akaphedwa, kamera isathamangire kubwerera kwa bwana. Itsale pakhomopo. Tione amene akukolopa, amene akukauza ana, ndi anansi amene akutseka mawindo ponena kuti sanaone kanthu. Kukhala chete kumeneku, kumene ku Sicily amati omertà, kuonetseni monga mantha a anthu wamba amene mawa ayenera kudutsanso mumsewu womwewo, osati ngati mwambo wokongola.

Womutsutsa nayenso akhale wolemera. Wapolisi wopusa kapena woweruza wadyera amachititsa bwana kuoneka ngati yekhayo wanzeru m'dziko. Falcone ndi mnzake Paolo Borsellino anakulira m'dera limodzi la Kalsa ku Palermo, ankadziwa chilankhulo cha maso ndi cha kukhala chete, ndipo Falcone ankafufuza potsata macheke ndi mabuku a kubanki. Ntchito yawo inabala mlandu waukulu umene unayamba mu February 1986 n'kutha mu December 1987, wa oimbidwa milandu 475, ndipo oposa 300 anapezeka olakwa. Khoti lalikulu litatsimikiza zigamulozo mu January 1992, Riina anabwezera. Falcone anaphedwa ndi bomba pamsewu waukulu pafupi ndi Capaci pa 23 May 1992, pamodzi ndi mkazi wake Francesca Morvillo ndi apolisi 3 omuteteza. Borsellino anaphedwa pa 19 July chaka chomwecho pamodzi ndi apolisi 5. Anapitiriza ntchito masiku onse a pakatipo akudziwa kuti wotsatira ndi iye. Kulimba mtima kotere kukakhala m'filimu yanu, ulemu wa bwana umayezedwa ndi muyezo woona.

Kachisanu ndi chiwiri, yang'anirani zimene kamera ikunena mwakachetechete

Mukhoza kulemba mawu odzudzula upandu, koma suti yosokedwa bwino, nyimbo yokoma ndi kamera yoyang'ana bwana kuchokera pansi zikhoza kufafaniza zonsezo. Gwiritsani ntchito kukongolako mwadala kumayambiriro, kuti woonera akopeke monga amakopekera anyamata a m'deralo, kenako muzikuchotsa pang'onopang'ono. Provenzano anamugwira pa 11 April 2006 m'kanyumba kosaoneka bwino ka kumunda pafupi ndi Corleone, ali ndi makina ake otayipira, ndipo chimene chinalondolera apolisi chinali phukusi la zovala zochapa lochokera kwa banja lake. Mfumu ya gulu lonse inkakhala ngati mkaidi isanamangidwe n'komwe. Pa zachiwawa, chepetsani nyimbo. Imfa ikhale yachidule, yonyansa, yopanda luso.

Mathero

Kuyambira 1934 mpaka m'ma 1960, mafilimu a ku Hollywood ankatsata malamulo otchedwa Hays Code, amene ankaletsa kuchititsa woonera kumvera chisoni upandu. Zotsatira zake zinali zakuti chigawenga chinkasangalatsa anthu filimu yonse, n'kuwomberedwa m'mphindi zomaliza kuti lamulo likwaniritsidwe. Woonera sapusitsika ndi chilango chomata kumapeto. Mathero achokere m'zosankha za mtengambali mwini.

Moyo weniweni uli ndi mathero amitundumitundu oti muganizirepo. Capone anamangidwa mu 1931 pa mlandu wozemba msonkho, osati wakupha. Riina anagwidwa mu January 1993 ndipo anafera m'manja mwa boma mu 2017 osaulula kanthu. Bwana wina, Matteo Messina Denaro, atabisala zaka 30, anagwidwa mu January 2023 pachipatala china ku Palermo kumene ankalandira thandizo la khansa ndi dzina la munthu wina, ndipo anamwalira chaka chomwecho. Koma mathero ovutitsa mtima kwambiri ndi a Brusca, amene anaphulitsa bomba la ku Capaci ndiponso analamula imfa ya mwana uja. Anatuluka m'ndende mu 2021 atakhalamo zaka 25, chifukwa anagwirizana ndi boma n'kuulula anzake, pansi pa lamulo limene Falcone yemweyo analilimbikitsa. Mlongo wake wa Falcone, Maria, ananena kuti nkhaniyo inamupweteka koma lamulolo ndi limene mchimwene wake ankalifuna, ndipo liyenera kulemekezedwa. Funso lotere, lakuti chilungamo chingagule choonadi pa mtengo wanji, ndi limene filimu yabwino imasiyira woonera osamuyankhira.

Mukamaliza kulemba, sonkhanitsani anthu ochepa amisinkhu yosiyana, pakhale mnyamata, mayi wochita geni ndi munthu wachikulire, muwawerengere nkhani yonse mokweza. Musawafunse ngati yawasangalatsa. Afunseni zinthu zitatu. Kodi panali pamene munamukonda bwanayu? Akati ayi, bwererani ku sitepe yachiwiri ndi yachinayi, chifukwa mwalemba chilombo. Kodi mungatchule dzina la munthu mmodzi amene anavutika chifukwa cha iye? Akalephera, bwererani ku sitepe yoyamba ndi yachisanu ndi chimodzi. Pomaliza funsani mnyamatayo payekha ngati angafune kukhala m'nyumba ya bwanayo monga mwana wake, ndipo mumvetsere bwino chifukwa chimene apereke, chifukwa ndicho chidzakuuzani kachigawo koyenera kulembanso.